Masiku awiri ku Luxor: akachisi ndi manda a mafumu, nyenyezi 4 mwa 5

Ulendowu tinaugula pa intaneti kwa kampani ina yoyendetsa alendo, ine ndi mayi a kunyumba, titatsala ndi masiku awiri pambuyo pa msonkhano wa kuntchito ku Cairo mu Febuluwale. Mu mtengo wake munali ndege yopita ndi kubwerera, hotela usiku umodzi, kabasi ndi dalaivala wake, munthu wotiperekeza, nkhomaliro ndi matikiti olowera pa zipata. Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha ola ndi theka lomwe anatitayitsa m'sitolo, ndipo nkhani imeneyo ndiifotokoza bwino chifukwa mpaka lero imandiwawa.

Ndege kuchoka ku Cairo imatenga pafupifupi ola limodzi. Tinapeza dalaivala akutidikira kale, dzina lathu lili pa pepala, kabasi koyera, madzi akumwa ali m'kati. Tinalipo anthu 8. Sitinapite kaye ku hotela, tinalunjika ku kachisi wamkulu wa Karnak.

Karnak ndinkaidziwa pa zithunzi, koma kukula kwake chithunzi sichingakuuzeni. Polowera pali mizere iwiri ya ziboliboli, thupi la mkango mutu wa nkhosa yamphongo, chizindikiro cha mulungu wawo Amun. Ukadutsa pamenepo umafika m'bwalo la nsanamira 134 zamiyala. Zapakati 12 ndi zotalika pafupifupi mamita 21. Tinaima anthu asanu mozungulira imodzi, manja otambasula, koma zala sizinakumane. Wotiperekeza uja anatiuza kuti tisamangoyang'ana kutsogolo, tiyang'ane kumwamba, kunsi kwa miyala yopingasa komwe dzuwa silifika. Kumeneko utoto ukadalipo, wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, wopakidwa m'masiku a Seti I ndi mwana wake Ramesses II, zaka zoposa 3,000 zapitazo. Malowa sanamangidwe ndi mfumu imodzi ayi. Aliyense akalowa ufumu ankawonjezerapo chake, wina chipata, wina bwalo, wina chipilala, kwa zaka pafupifupi 2,000. Chipilala chosongoka cha mfumukazi Hatshepsut, cha mwala umodzi wokha wotalika pafupifupi mamita 30, anachisema ku Aswan n'kubwera nacho pa mtsinje wa Nile.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti tapeza munthu wodziwa ntchito yake. Mayi a kunyumba ndi a Mvano, Baibulo analiwerenga kuposa ine. Anamufunsa ngati pa makoma amenewa pali penapake polembedwa za Yosefe kapena Mose. Akanakhala wina akanangoloza chithunzi chilichonse n'kuti ndi chimenecho, ife tikanakhulupirira. Iye anati, "Mayi, ndisakunamizeni, mayina amenewo palibe pano. Koma bwerani ndikuonetseni mfumu ina yomwe mumaidziwa." Anatipatutsa pa njira yomwe magulu ambiri amadutsa, n'kutifikitsa pa khoma la mfumu Sheshonq I, yemwe akatswiri ambiri amati ndiye Sisaki wa pa 1 Mafumu 14:25, uja anaukira Yerusalemu m'masiku a Rehobowamu. Pa khomapo pali mizere ya timabwalo, kalikonse kali ndi dzina la mudzi wogonjetsedwa, pamwamba pake munthu womangidwa manja kumbuyo. Anatiwerengera Megiddo. Anatiuzanso poyera kuti pa mayina omwe akuwerengekabe, la Yerusalemu silikuoneka. Mayiwo anaima pamenepo nthawi yaitali osayankhula, ndipo iye sanawafulumizitse.

Madzulo tinapita ku kachisi wa Luxor, amene ali m'tauni momwemo m'mbali mwa mtsinje. Kupita nthawi imeneyo kunali kuganiza bwino, chifukwa dzuwa likalowa amayatsa magetsi ndipo zolembedwa pa makoma zimaoneka bwino kuposa masana. Pakhomo payenera kukhala zipilala ziwiri koma patsala chimodzi. Chinzake chili ku Paris, komwe anachiimika mu 1836. M'kati mwa kachisiyo muli mzikiti wa Abu el-Haggag umene anthu amapempheramo mpaka pano. Khomo lake lakale lili m'mwamba, pomwe munthu sangafike popanda makwerero, chifukwa pomwe ankaumanga kachisiyo anali atakwiririka ndi dothi kufika pamenepo. Tili chiimire tinamva kuitana kwa swala kuchokera pamwamba pa mitu yathu. Msewu wa ziboliboli wolumikiza kachisiyu ndi Karnak, wotalika pafupifupi makilomita 3, anautsegulanso mu 2021. Ife tinangoyendako pang'ono.

Hotela inali yabwinobwino, madzi otentha analipo, chakudya cham'mawa anatipatsa msanga. Palibe chodandaula.

Tsiku lachiwiri tinanyamuka 6 koloko kupita tsidya la kumadzulo, komwe Aigupto akale ankaika akufa awo popeza ndi komwe dzuwa limalowera. Minda ya nzimbe imathera mwadzidzidzi, kenako ndi miyala yokhayokha, popanda ngakhale kamtengo kamodzi. Chigwa cha Mafumu chili kuseri kwa mapiri amenewo. Mafumu a nthawi imeneyo anasiya kumanga mapiramidi, omwe akuba ankawaona ali patali, n'kuyamba kukumba manda obisika m'thanthwe. Mandawo alipo oposa 60, koma pafupifupi onse anabedwa ndithu kalekale.

Mvetsetsani za matikiti, chifukwa kampaniyo sinazilembe momveka. Tikiti wamba imakulolani kulowa manda atatu okha mwa omwe atsegulidwa tsikulo. A Tutankhamun, a Ramesses VI ndi a Seti I ali ndi matikiti awoawo, ndipo ndalama zake zimachoka m'thumba mwanu. Pa zenera sanalandire ndalama zamapepala, ankafuna khadi la kubanki basi. Banja lina la m'gulu lathu khadi lawo linakana, mpaka mnzathu wina anawalipirira iwo n'kumubwezera pamanja. Chinanso, operekeza alendo saloledwa kufotokoza ali m'kati mwa manda. Wathuyo ankatikhazika pamthunzi, n'kutulutsa zithunzi, n'kutiuza zoti tikayang'ane kumanja ndi kumanzere, ife n'kulowa tokha.

Anaona yekha kuti mayi a kunyumba bondo limawavuta, ndipo anatilangiza kuyamba ndi a Ramesses IV, omwe njira yake ndi yaifupi komanso yotsetsereka pang'ono. A Merenptah anati ndipite ndekha. Ananena zoona: ndi akuya, ndipo pobwerera ndinapuma kawiri, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali kusanatenthe. A Seti I tinawasiya chifukwa tikiti yake ndi yodula kwambiri.

Ngati ndalama zikukwanirani tikiti yowonjezera imodzi yokha, gulani ya Ramesses VI. Njira yake ndi yaitali, yowongoka, makoma onse awiri ndi denga zodzaza ndi zolemba kuyambira pakhomo mpaka pansi. M'chipinda chomaliza denga ndi lakuda ngati thambo la usiku, zojambula zake zachikasu. Pali mulungu wamkazi Nut, wojambulidwa kawiri, thupi lake lotambasuka kuchokera mbali ina kufika ina. Madzulo akumeza dzuwa, dzuwalo likuyenda m'thupi mwake ngati timipira tofiira, m'mawa akulibereka. Pansi pali zibenthu za bokosi lamwala lomwe akuba anaswa. Khosi linandiwawa ndi kuyang'ana kumwamba, koma sindinafune kutuluka.

A Tutankhamun ndi aang'ono, ndipo chipinda chimodzi chokha ndicho chili ndi zojambula. Pafupifupi chuma chonse chomwe katswiri wofukula zakale Howard Carter anapeza mu Novembala 1922 anapita nacho ku Cairo. Chinathandiza kuti mandawa asaonekere kwa zaka zonsezo ndi zinyalala za miyala zomwe anthu okumba manda a Ramesses VI anataya pamwamba pa khomo lake. Chomwe chatsalamo ndi bokosi lake lamwala ndi mwini wakeyo. Wagona m'bokosi lagalasi, wofunditsidwa nsalu yoyera, nkhope ndi mapazi zili poyera. Zala za kumapazi zimawerengeka. Anamwalira ali ndi zaka 18 kapena 19, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Kwathu ku manda sitilowa chisawawa, timayamba tapempha kwa amfumu, ndipo ukafika umatsitsa mawu. Apa anthu ankapanikizana kuti adzijambule naye akumwetulira. Mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunena chapansipansi, "Bambo, tiyeni tizipita, mwana wa eni ake uyu." Tinatuluka. Sindikuti musalowemo, koma dziwani kuti mukukaona maliro a munthu.

Tsopano dandaulo langa. Pa ndondomeko yomwe anatitumizira, kuchoka ku chigwacho tinayenera kupita ku kachisi wa Hatshepsut, kenako ku mudzi wakale wa amisiri wa Deir el-Medina. M'malo mwake kabasi kanaima pa sitolo yosema miphika ndi ziboliboli za mwala wa alabaster. Anati ndi mphindi 15 zokha, tikaone momwe amasemera. Kusemako kunali kosangalatsa ndithu, amuna atakhala pansi akuboola mwala ndi chitsulo chopukusa pamanja. Koma atatilowetsa m'kati n'kutipatsa tiyi, kutuluka kunavuta. Wogulitsa aliyense anagwira mlendo wake, mitengo yosalembedwa, kunenerera kosatha. Wotiperekeza uja, yemwe dzulo lake anali womasuka, apa anangokhala pakona maso ali pa foni. Nditamufunsa anandiuza motsitsa kuti poima pamenepa sasankha iye. Tinatha ola ndi theka.

Zotsatira zake, kwa Hatshepsut tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo tinapatsidwa mphindi 40 zokha. Kachisi ameneyu ndi wa nsanjika zitatu, wotsamira phiri ngati wamera m'thanthwemo. Mayiyu analamulira zaka pafupifupi 20, ndipo ziboliboli zake zina anamusema ndi ndevu zachifumu monga mwamuna. Pa khoma lina anajambula ulendo wa zombo zake wopita ku dziko la Punt: nyumba zomangidwa pa mitengo zokwera ndi makwerero, amuna atanyamula mitengo ya lubani yamoyo ndi mizu yake m'madengu, nsomba zosiyanasiyana pansi pa zombo. Khoma limeneli lokha limafuna theka la ola. Ine ndinaliona mothamanga, dalaivala akuliza kale hutala kumunsi.

Deir el-Medina anangoichotsa, ati nthawi yatha. Ndipo kumeneko ndi komwe ndinkafunitsitsa. Ndi mudzi wa amisiri omwe ankakumba ndi kujambula manda a mafumu aja; maziko a nyumba zawo akadalipo, ndi manda awoawo ang'onoang'ono okongola. M'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, tirigu yemwe ankalandira ngati malipiro atachedwa, anthu amenewa anaika zida pansi n'kukakhala pa akachisi kufuna chakudya chawo. Ndiko kunyanyala ntchito koyamba komwe kunalembedwa m'mbiri. Nditaona ntchito ya manja awo m'mawa womwewo, ndinkafuna kuona pomwe ankagona. Tinadutsa pa mphambano yake osaima. Pa ziboliboli ziwiri zikuluzikulu za Amenhotep III, zomwe amazitcha Colossi of Memnon, tinaima mphindi 10, zomwe ndi zokwanira.

Nkhomaliro inali yabwino, mpunga, nkhuku yowotcha, ndiwo zamasamba ndi buledi wawo wopyapyala. Anatipatsa chakumwa chofiira chozizira chomwe amati karkade. Titalawa tinazindikira kuti ndi chidede chomwechi. Pobwerera tinawoloka Nile pa boti la injini, kamphepo kakuwomba, ndipo mtima unayamba kutsika.

Tengani ndalama zing'onozing'ono za ku Egypt zambiri, chifukwa ku chimbudzi, kwa alonda a m'manda ndi kwa dalaivala, bakshishi, kandalama kothokozera, amayembekezeka. Mlonda akakuitanani kuti akuonetseni kanthu kapena akujambuleni, dziwani kuti pamapeto atambasula dzanja. Ogulitsa pa zipata ndi okakamira, koma mukanena kuti "la, shukran", kutanthauza ayi zikomo, osaima, amakusiyani. Chipewa, nsapato zophwatalala ndi botolo la madzi musaiwale, ngakhale mu Febuluwale.

Titabwerera ndinawalembera a kampaniyo. Anayankha tsiku lomwelo, anapepesa, n'kutibwezera ndalama za matikiti a Deir el-Medina. Ndayamikira, ngakhale chomwe ndinataya sichinali ndalamazo. Ndingawagwiritsenso ntchito, ndipo ndingapemphe wotiperekeza yemweyo. Koma ndisanalipire ndidzawauza alembe pa ndondomeko kuti pa sitolo sitiima, ndipo kuti tikatuluka m'Chigwa cha Mafumu tiyambe ndi Deir el-Medina.