Mapaipi, pampu kapena ndowa chabe: tiyambe ndi chiti polima popanda dothi?

Ambiri ofuna kulima masamba m'madzi amakopeka ndi mapaipi oyera ondandalikidwa pakhoma, letesi ali biriwiri. Imeneyo ndi NFT, njira yomwe Allen Cooper anayambitsa ku England m'zaka za m'ma 1960. Pampu imayendetsa timadzi ta feteleza m'paipi yopendekeka pang'ono, mizu n'kumamwa timadzito tikamadutsa. Malo sidya ambiri, kukongola n'kosachita kufunsa. Koma moyo wa mbewu zonse uli pa pampu imodziyo. Magetsi akazima dzuwa likuswa mtengo, mizu imauma m'maola ochepa chabe. Ngati m'thumba mwanu ndi mopepuka, iyi isiyeni kaye.

Njira ina, ya madzi akuya, yotchedwa DWC, ndi yopirirako. Mizu imamira m'chidebe chakuya, kapampu ka mpweya konga ka m'thanki ya nsomba n'kumatulutsa thovu usana ndi usiku. Mbewu zimakula msanga, ndipo magetsi akachoka sizifa nthawi yomweyo chifukwa madzi alipo. Adani ake ndi kutentha: madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira, mizu yoyera ija imasanduka yoderako, yoterera, n'kuyamba kununkha.

Mtima wanga uli pa njira ya Kratky, yotchedwa dzina la Bernard Kratky wa ku University of Hawaii. Palibe pampu, palibe waya. Mumaboola chivundikiro cha ndowa, kulowetsamo kakapu kobowolabowola momwe muli mbande, madzi n'kungokhudza pansi pa kakapuko. Mbewu ikamamwa, madzi amatsika, ndipo pampata wotsalawo pamamera timizu taubweya topuma mpweya, pamene mizu yaitali ikutsatira madzi pansi. Letesi mmodzi amakwanira ndi malita 4 kapena 5 mpaka kukolola, patatha milungu 5 kapena 6.

Apa ndi pamene anzathu ambiri amaphera mbewu chifukwa cha chifundo. Akaona madzi atsika, amadzazanso mpaka pakamwa, timizu topuma tija n'kumira, mbewu n'kufota ili m'madzi. Mukafuna kuwonjezera, thirani pang'ono, mpata uja ukhalebe. N'chifukwa chake tomato amavuta pa njirayi: amamwa kwambiri ndipo amakhalitsa, choncho amayenera chidebe chachikulu kapena DWC.

Ndowayo isalowe kuwala, apo ayi ndere zikula n'kulanda chakudya. Ipakeni penti kapena ikulungeni. Tsekaninso mipata yonse yomwe udzudzu ungalowere mu ndowa, poti madzi osayenda ndi malo oswanirana udzudzu.

Mungasankhe iliyonse, osaumira pa feteleza. Wa m'munda, makamaka wa yuriya, sapereka zonse zomwe mizu ya m'madzi imafuna. Gulani wopangidwira ulimi umenewu, ndipo calcium nitrate, mmodzi mwa michere ya fetelezayu, muzimusungunula payekha musanathire mu ndowa, chifukwa akakumana ndi mchere wina wotchedwa magnesium sulfate madzi ali ochepa amapanga nsenga zoyera zomwe mbewu siingamwe. Timapepala toyezera pH, muyeso wa asidi m'madzi, n'totsika mtengo. Madzi anu azikhala pakati pa 5.5 ndi 6.5.