Ndinaitanitsa Blakey, anandipatsa Mingus

Ndiyambe ndi wogulitsa, chifukwa mtima sunatsikebe. Bambo uja amene amabweretsa mbale za galamafoni kuchokera ku Johannesburg, inu okonda jazz mukumudziwa, dzina sinditchula. Ndinamulembera pa WhatsApp kuti ndikufuna chimbale cha Art Blakey, woimba ng'oma, chotchedwa Moanin', cha ku kampani ya nyimbo ya Blue Note chija anajambula mu 1958, ndipo chithunzi cha chikuto chake ndinamutumizira kuti pasakhale kusokoneza. Ndalama ndinalipira yonse tsiku lomwelo, mtengo wa mbale masiku ano mukuudziwa. Ndinadikira masabata asanu. Nditang'amba phukusi ndinapezamo Blues & Roots ya Charles Mingus, woimba besi.

Ndinamuimbira foni nthawi yomweyo. "Achimwene, mwandipatsatu chimbale china." Iye osapepesa n'komwe, akuti, "Akuluakulu, tembenuzani chikutocho muwerenge. Nyimbo yachitatu ndi chiyani? Moanin' ndi Moanin' basi." Ndinayesa kumufotokozera mwaulemu kuti Moanin' ya kwa Blakey anapeka ndi Bobby Timmons, woimba piyano, pomwe ya Mingus ndi nyimbo ina kotheratu, zimangofanana dzina. Anandiyankha kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kudula foni. Kuyambira tsiku limenelo mauthenga anga amawerenga koma sayankha. Munthu wogulitsa nyimbo amene safuna kudziwa chimene akugulitsa, komanso amadulira foni munthu amene wamupatsa ndalama, kwa ine wathera pomwepo.

Mbaleyo inakhala masiku anayi pashelefu osaigwira. Lamlungu madzulo ndinaiika pagalamafoni ndi cholinga chimodzi, kufuna ndipeze pokandika kuti ndikhale ndi chomubwezera nacho.

Singano itatsika, inayamba ndi besi yokha, zingwe zikukokedwa mwamphamvu ngati munthu akugogoda pachitseko usiku. Kenako piyano, kenako zitoliro zonse n'kulowa mopiringizana, china chikuitana china chikuvomera. Nyimboyo ndi Wednesday Night Prayer Meeting, kutanthauza mapemphero a Lachitatu usiku, ndipo dzinalo silinama. Pakati pake, Booker Ervin ali mkati moliza sakisofoni, ng'oma ndi piyano zimangoti zii, kumatsala kuwomba m'manja basi, Mingus akufuula kumbuyoko ngati mkulu wampingo amene mzimu wamugwira. Sakisofoniyo imapitiriza yokha pamwamba pa manjawo, ikubwereza mawu amodzimodzi mokweramokwera, ndendende mlaliki akafika poti sakuyang'ananso pepala. Tsitsi linandiima. Mayi akunyumba anatuluka m'khitchini chipande chili m'manja kudzafunsa kuti ndatsegula mapemphero a mpingo uti. Anakhala pansi, ndipo nyimbo imeneyo tinaibwereza katatu tisanalole singano kupitirira.

Kutchalitchi kumeneku sikongoyerekeza ayi. Mingus anabadwa mu 1922 ndipo anakulira ku Watts, mumzinda wa Los Angeles, komwe mayi ake omupeza ankamutenga kumapemphero a mpingo wa Holiness, kumene anthu amaimba, kuwomba m'manja ndi kubuula mpaka thukuta. Pachikuto iye mwini akufotokoza kuti Nesuhi Ertegun wa ku kampani ya nyimbo ya Atlantic ndi amene anamuuza kuti ajambule chimbale chonse cha blues, chifukwa ena ankamunena kuti nyimbo zake sizivinitsa mokwanira. Yankho lake analijambula tsiku limodzi lokha, pa 4 February 1959 ku New York, ndipo linatuluka mu 1960. Oimba ndi asanu ndi anayi panyimbo iliyonse, ndipo Mingus ankakonda kuwaphunzitsa mbali zawo powaimbira, kuti azigwire ndi khutu m'malo mowerenga papepala. Zimamveka. Palibe amene akuimba mwaulesi, aliyense akumvetsera mnzake kuti alowe pati.

Ndiye Moanin' ija tinakanganirana. Ndinafika nayo ndili wokonzeka kuida, koma zinakanika. Pepper Adams amaiyamba yekha ndi sakisofoni yaikulu ya mawu apansi, kubangula ngati nkhunzi m'khola, ena n'kumawunjikana pamwamba pake mmodzimmodzi mpaka chipinda kudzaza. Si imene ndinalipira, komabe ndaimvera kambiri kuposa nyimbo ina iliyonse mwezi uno. Pa Cryin' Blues mvetserani piyano ya Horace Parlan. Bamboyu anadwala poliyo ali mwana, dzanja lake lamanja n'kulumala pang'ono, ndipo anapeza kaimbidwe kakekake kolemera kudzanja lamanzere. Mukadziwa zimenezo mumamumva mwina. Dannie Richmond pang'oma sataya Mingus ngakhale pang'ono.

Zodandaula zilipo. Lipenga mulibe, muli masakisofoni anayi ndi ma trombone awiri a Jimmy Knepper ndi Willie Dennis, ndipo ine chimene ndinkafuna kwa Blakey makamaka chinali lipenga la Lee Morgan. Chimbalechi n'chachifupinso, nyimbo zisanu ndi imodzi zosakwana mphindi 40. My Jelly Roll Soul, yokumbukira Jelly Roll Morton, woimba piyano wakale wa jazz, ndi yopepuka, imandizizira ikabwera pambuyo pa moto wa mbali yoyamba. Ngati mukufuna jazz yofewa yoti izilira chapansipansi alendo akudya, iyi ikusokonezani, chifukwa muli kufuula ndi phokoso lochita kufuna.

Pokandika paja ndinapapezadi. Mbali yachiwiri, chapakati pa Tensions, singano imadumpha malo amodzi, ndipo ngodya ya chikuto ndi yopindika. Wogulitsa anandiuza kuti katundu wake yense ndi watsopano, koma mbale yatsopano sibwera ndi zidindo za zala. Ndinajambula chithunzi kuti ndimutumizire, kenako ndinaganiza kuti akati bweretsani ndikubwezereni ndalama, nditani? Chithunzicho sindinatumize. Mwina cholakwa choyamba sichinali chadala, amene anamugulira ku Joni anangoona dzina pachikuto n'kutola. Zimenezo ndikanamvetsa akanangonena kuti pepani. Kudula foni kuja ndi kumene sindingaiwale.

Chimbale ndikuchipatsa nyenyezi zisanu, ngakhale chili ndi chilema chimenecho. Wogulitsa imodzi, ndipo mukamaitanitsa kwa iye muzimuuza akutumizireni chithunzi cha mbale yeniyeniyo musanalipire. Blakey wanga ndikumufunabe, amene akudziwa wina wobweretsa mbale wodalirika andiuze.