HiAce yanga ya 3L itaona dzuwa ndi mvula ya kuno ku Chikwawa

Nditangoigula van iyi ndinaiyamikira pa nkhani ya malo a katundu ndi mtengo wake, koma ena mwa inu munati ndisathamange, idutse kaye Okutobala ndi mvula ndiye ndidzayankhule. Zonse ziwiri zadutsa tsopano, ndipo galimoto ikadali pa msewu.

Kwa amene simunaione, ndi HiAce ija yakale yopanda mphuno, mtundu wa H100 womwe a Toyota anayamba kutulutsa mu 1989 mpaka 2004 pomwe kunabwera H200, ija ambiri timangoti Quantum potengera dzina la ku Joni. Dzina la HiAce lokha ndi lakalekale, linayamba mu 1967. Yangayi mipando ndi kutsogolo kokha, kumbuyo konse ndi kwa katundu, ndipo ntchito yake ndi kutenga mpunga, mbatata ndi nsomba zouma kuchoka uku kwa Ngabu ndi ku Bangula kupita ku Limbe, pobwera ndimanyamula za mu grocery.

Injini ndi ija amaitchula 3L, ya dizilo, kukula kwake 2.8 litre, masilinda anayi, turbo palibe, kompyuta yolamula mafuta palibenso, pampu imangogwira ntchito yake basi. Ndi injini yomweyo imapezeka mu Hilux zakale, nde makanika aliyense wa pa Dyeratu kapena pa Nchalo amaidziwa mkati ndi kunja, sipeya ukasowa kuno upita ku Ndirande kapena ku Limbe ubwera naye tsiku lomwelo. Mphamvu ndiye musayembekezere zambiri, ndi horsepower pafupifupi 90 basi. Pa flat kuchoka ku Nsanje mpaka pa Kamuzu Bridge imayenda bwinobwino, koma ukangodutsa pa Thabwa kuyamba kukwera phiri lija uli ndi lodi, giya 2 ndiye kwanu, pa makona ena mpaka 1, ma Sienta akukudutsa iwe ukungokwawa. Ine sindidandaula, imafika. Potsika ndiye nkhani ina, mabuleki akumbuyo ndi a drum, ukamangoponda osagwiritsa giya umayamba kumva fungo la kupsa usanafike ndi pakati pomwe, ndiye ndimatsika ndi giya yomweyo ndinakwerera.

Tsono nkhani yaikulu abale anga ndi kutentha. Galimoto iyi kuno kwathu moyo wake uli pa radiyeta, zina zonse zimabwera pambuyo. Injini ili pansi pa mpando, Novembala dzuwa likafika madigiri 40 kupita m'mwamba mpando wapakati umatentha ngati chiwaya, wokhalapo amangosunthasuntha. Diso langa silichoka pa geji ya temperature, makamaka pa phiri, chifukwa 3L imapirira zambiri koma ikawira bwinobwino head, chigawo chapamwamba cha injini, imatha kung'aluka ndipo pamenepo ndalama yake ndi yowawa.

Zomwe ndaona zikupha ma injini a anzanga ndi ziwiri. Choyamba madzi a pa mjigo. Mijigo yambiri kuno madzi ake ndi a mchere, aliyense amadziwa, koma munthu yemweyo amene sangaphikire tiyi madziwo akuwathira mu radiyeta. Tinatsegula radiyeta ya galimoto ya mnzanga wina, timapaipi ta mkati tinali titatsekeka ndi zoyerayera zolimba gwa, madzi amangodutsa mbali imodzi. Ine ndimagula coolant, ikavuta ndalama bola madzi a mvula osefa. Chachiwiri ndi chizolowezi chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini. Makanika wina wachikulire anandiuza kuti "achimwene kuno nkotentha, kachinthu aka tingokataya", ndinawayankha mwaulemu kuti madala kasiyeni, ngati kafa tigule kena. Anthu anaikamo kachinthuko sanali opusa, injini imafuna kutentha kwake koyenera, ndipo ngati ikuwira vuto limakhala kwina, mwina fani yatha mphamvu kapena radiyeta yatsekeka. Nthawi yootcha nzimbe ku Nchalo phulusa ndi tizinyalala timadzaza kunja kwa radiyeta, ndimapopera mpweya pafupipafupi, limodzi ndi air filter yomwe fumbi la kuno silichedwa kuitseka.

Mvula itabwera ndinaona mbali ina. Imakoka ndi matayala akumbuyo, ndiye ikakhala empty kumbuyo kumapepuka, pa dothi lakuda lija la makande kwa Ngabu imangoseleleka matayala akuzungulira pamodzimodzi. Matumba awiri atatu pamwamba pa diff, pakati pa matayala akumbuyo, amathandiza kwambiri. Koma madzi osefukira sindilowamo, kaya ena akuwoloka, injini ya dizilo ikangomwa madzi con rod, chitsulo chogwira piston, imapindika nthawi yomweyo. Ife tinaona anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, M1 itaduka, palibe katundu woti nkutayira injini pa mtsinje. Misewu ya ku East Bank nthawi ya dzinja ndimangoisiya.

Zomwe ndasintha pa miyezi yonseyi ndi zazing'ono, ma bush a ma spring akumbuyo, ball joint imodzi, ndi ka roller ka chitseko chotsetsereka kamene fumbi linakadya mpaka chitseko kumafuna anthu awiri. Kutsogolo kuli ma torsion bar, sanandivutepo. Timing belt ndinasintha nditangoigula osadikira ka laiti ka T-BELT, malamulo ake ndi makilomita 100,000 koma mileage ya galimoto yoti yadutsa m'manja mwa anthu ambiri sungaikhulupirire, ndipo lamba ameneyu akaduka ma valve amamenyana ndi ma piston.

Chimodzi chomwe chimandidetsa nkhawa mpaka lero ndi chakuti kutsogolo kulibe chokutchinga, miyendo yako ili pafupi ndi bampala, airbag yangayi ilibe. Usiku pa msewu wa Nchalo mpaka Bangula ng'ombe zimangotulukira, akabaza ambiri alibe nyali, nde ine likangolowa dzuwa sipidi ndimatsitsa kwambiri, ndipo woyendetsa wina ndikamubwereka ndimamuuza zomwezo.

Amene mukufuna kugula yotere, pitani m'mawa injini isanalizidwe. Tsegulani chivindikiro cha radiyeta ili yozizira, muilize, muone ngati madzi akutulutsa thovu, chizindikiro choti head ingakhale ndi vuto, suzumirani dzimbiri pansi pa sitepe ya zitseko, kenako mupemphe mwini wake mukwere nayo phiri la Thabwa muli ndi lodi. Akakana zimenezo, ndalama yanu isatuluke m'thumba.