Risosi senta ya pa sukulu ina kufupi ndi Nchalo: mkalasi mulibe chikwapu, koma pageti chilipo

Makolo anzanga a ana a Down syndrome kuno kuchigwa, ambiri mwakhala mukundifunsa za kalasi imene ndimapititsako mtsikana wanga, ena tikakumana kuchipatala ena pamsika wa Nchalo, nde ndati ndingolemba zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe. Dzina la sukulu sinditchula chifukwa muli zina zondiwawa mtima ndipo sindikufuna madamu amene akugwira ntchito yabwino alowe nazo m'mavuto. Ndi pulayimale ya boma, ili ndi chipinda chimodzi cha ana aulumali chimene amati risosi senta, mphunzitsi wake ndi mmodzi yekha, mayi, anachita kosi yawo ku Montfort ku Nguludi kumene amasulako aphunzitsi a ana aulumali. Kalasiyo payokha ndi yabwino zedi, kholo lililonse ndingaliuze kuti pititsani mwana. Koma sukulu yonseyo ayi, sinafike, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Choyamba chimene chinandigwira mtima ndi mafunso amene madamu anandifunsa tsiku lolembetsa. Sanayambe ndi zoti kodi amadziwa a e i o u. Anati amayi, mwanayu anamuyezapo makutu? Nanga mtima? Nanga akakwiya amatani, akafuna kutoileti amanena bwanji? Ine ndinali ndi kabuku kakuchipatala mchikwama nde tinakhala pansi nkumawerenga limodzi. Ku Queens madokotala anatiuza kalekale kuti Down syndrome si matenda opatsirana, si kulodzedwa, komanso si zoti bambo ake anamukhwimira ngati mmene anthu ena amanong'onezerana kumudzi kuno chifukwa choti tili ndi ting'ombe tiwiri. Mwana amangobadwa ndi ma chromosome, tinthu ting'onoting'ono tamthupi tosunga chibadwa cha munthu, 47 mmalo mwa 46, yowonjezerayo imakhala pa nambala 21, basi. Koma chinthu chaching'ono chomwecho chimakhudza thupi lonse, pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, ambiri makutu amadzadza madzi mkati nkumamva mwa apo ndi apo, maso amavuta, minofu imakhala yofewa, ndipo ena mafupa apakhosi pamwamba penipeni amakhala osagwirana bwino. Madamu zonsezi amazidziwa osachita kuuzidwa, ndipo ndi mphunzitsi woyamba amene ndinamumva akunena yekha kuti mwana wotere sukoka makutu, sumumenya mbama, sumukankha mutu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya chikwapu kwa ine. Zinthu zimene aphunzitsi ambiri amakwapulira mwana, zoti ndakuitana sunayankhe, ndakuuza imirira wangokhala, ndakuuza lemba wataya pensulo, kwa mwana wa Down nthawi zambiri si mwano. Mwina sanamve chifukwa khutu latseka sabata imeneyo. Mwina wamva koma mawuwo akuyendabe m'mutu, amafuna kanthawi kuti afike. Mwina zala zatopa chifukwa minofu yofewa ija kugwira pensulo ndi ntchito yaikulu. Nde iwe ukamukwapula pamenepo waphunzitsa chani? Waphunzitsa zoti munthu wamkulu akayandikira pamabwera ululu, basi, chifukwa chimene walakwa sanachimve nkomwe.

Mmene madamu amachitira ndi chonchi. Akafuna kumuuza chinthu amabwera kutsogolo kwake, amagwada kuti maso akumane, amatchula dzina kaye, kenako mawu awiri kapena atatu okha, tenga kapu, khala apa, ndipo amadikira, samabwereza msangamsanga. Kudikira kumeneko ndinakuona ndi maso anga ndili pawindo, ine mtima unali kale mmwamba kuti aaa mwanayu achititsa manyazi, koma patapita kanthawi anadzuka yekha nkukatenga kapu. Pakhoma anamatapo zithunzi zojambula pamakatoni zosonyeza tsiku lonse mwandondomeko, kupemphera, kuimba, kuwerenga, phala, toileti, kunyumba, ndipo chimene chatha amachitembenuza. Ana a Down amagwira bwino zoona ndi maso kuposa zongomva ndi khutu nde zithunzizo zinachepetsa kulira kwambiri chifukwa amadziwa chikubwera. Masamu amawerengera zitsekerero za mabotolo ndi njere za bwemba, zija aphunzitsi amati TALULAR, kugwiritsa ntchito zopezeka pompo. Amaphatikizanso tizizindikiro tamanja pa mawu ngati madzi, kudya, ndatopa, ndipo ana amene kwawo amayankhula Chisena amawayankhula Chisena chomwecho, izi ndinazikonda kwambiri chifukwa mwana woti kuyankhula kukumuvuta kale sungamuonjezerenso mtolo wa chiyankhulo.

Ndipo musaganize kuti poti mulibe chikwapu nde kuti ana amangochita zofuna zawo, ayi. Wangayu makani ali nawo ndithu, akati sindidzuka amakhala pansi ngati thumba la mapira, sungamusunthe. Tsiku lina anatayira dala phala la mnzake. Madamu anamupatsa chikolopa kuti akolope yekha, anamukhazika pambali pampando kwa mphindi zochepa, kenako anamutengera kwa mnzakeyo kukapepesa ndi kumugawira phala lake. Chilango chinabwera nthawi yomweyo, chinali chokhudza chimene walakwacho, ndipo chinatha. Madzulo anandilembera mukakope kamene timatumizirana kuti amayi lero zachitika zakuti, nanunso kunyumba akataya chakudya dala chitani chimodzimodzi. Kakope kameneka ndi chinthu china chabwino pa sevisi yawo, ngakhale pena amaiwala kulembamo akatanganidwa.

Zotsatira ndaziona. Pano amavala yekha yunifolomu kupatula mabatani, amapita kutoileti osaperekezedwa, amazindikira dzina lake likalembedwa, amawerenga mpaka 10 olo pena amadumpha 7. Kwa ena izi ndi zazing'ono koma amene muli ndi mwana wotere mukudziwa.

Tsopano zoipa.

Risosi senta si malo amene mwana amakhalamo tsiku lonse. Cholinga cha boma ndi choti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo, nde maola ena amapita ku kalasi wamba ya Sitandade 1, amakhala nawo pa asembule, amalowera geti lomwelo. Ine mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo, sindifuna mwana wanga azibisidwa. Koma kunja kwa chitseko cha madamu ndi dziko lina. Mmawa pageti pamaima mphunzitsi wa dyute ndi kamtengo ka nimu mmanja, ochedwa amalandira kumiyendo, ena amagwadisidwa pabwalo, olongolola mkalasi mayina awo amalembedwa ndi monita nkukwapulidwa mmanja. Ndipo kuno si ku Dedza, October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, mchenga umawotcha mapazi, nde taganizani mwana wa vuto la mtima atagwada padzuwa limenelo. Olo mwana wabwinobwino, nchifukwa chani?

Wanga zinamugwera teremu yatha. Wakabaza amene amamutenga anachedwa, tcheni chinaduka panjira, anafika asembule itayamba ndipo mphunzitsi amene anali pageti anangokwapula mzere wonse osayang'ana nkhope, mwana wanganso analandira ziwiri kumiyendo. Sanathe kundiuza, mawu oti afotokoze alibe, ndinangoona mizere pomusambitsa. Chimene chinatsatira ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Anayamba kukana kukwera kabaza, akaona yunifolomu amathawira kuseri kwa khola, anayambiranso kudzikodzera zimene tinali titathana nazo kale, ndipo tsiku lina ndinamupeza atathyola kamtengo akukwapula mng'ono wake kumiyendo, malo omwewo, nkhope atayikwinya ngati mphunzitsi. Ana amenewa amatengera kwambiri zimene aona, nde phunziro limene analigwira msanga kuposa onse pa sukulupo linali limenelo. Ntchito ya madamu ya miyezi yambiri inabwerera mmbuyo chifukwa cha mmawa umodzi.

Ndinapita kwa ahedi. Kunena zoona anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anati pepani amayi izi sizimayenera kuchitika, ndipo anamuitana mphunzitsiyo yemwenso anapepesa nkunena kuti sanamuzindikire. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo. Koma yankho lawo linali loti auza aphunzitsi onse kuti ana a ku risosi asamakhudzidwe. Ine poyamba zinamveka bwino koma taonani mmene zikuyendera. Mwana wanga amaimabe pamzere nkumaonerera anzake akukwapulidwa, mantha ndi omwewo, amatseka maso ndi manja nkumanjenjemera. Ndipo anzakewo ayamba kunena kuti uyu samenyedwa chifukwa ndi wozerezeka, ena amamutsina pobwerera kuti nayenso amve. Nde kumupatula yekha kwamuika chizindikiro pamphumi. Komanso mkalasi wamba muja muli ana ambiri osamva bwino, osaona bwino bolodi, ochedwa kugwira zinthu amene sanayezedwepo ndi aliyense ndipo alibe nkhope yoti mphunzitsi awazindikire, amenewo akukwapulidwabe tsiku ndi tsiku pa zinthu zomwezo.

Ndikudziwa zimene anthu amanena, ifenso tinakula ndi chikwapu ndipo tinaphunzira. Ndikudziwanso kuti aphunzitsi athu ali pamoto, Sitandade 1 ya pamenepo ana ndi oposa 100 mphunzitsi mmodzi, ena amakhala pansi mpaka pakhomo, chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 makalasi sanakwanepo, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 sukulu zambiri kuno zinasanduka makampu, mabuku ndi madesiki zinaonongeka. Zonsezo nzoona ndipo ndimawamvera chisoni. Koma kumenya ana kusukulu Unduna wa Zamaphunziro unaletsa, si nkhani yoti mphunzitsi asankhe yekha, ndipo malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 19 amateteza ulemu wa munthu aliyense ndi kuletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa. Mwana ndi munthu. Komanso umboni woti zimatheka uli pa sukulu pomwepo, chipinda chachitatu kuchokera ku ofesi ya ahedi, mayi mmodzi akusunga ana ovuta kuposa onse opanda kamtengo mmanja. Chimene sindimvetsa nchoti bwanji osawapatsa mpata madamuwo pa miting'i ya aphunzitsi kuti awaonetse anzawo mmene amachitira.

Zina zoipa ndingozidutsa msanga. Madamu ndi mmodzi, akapita ku miting'i ku TDC, kumene amakumanako aphunzitsi a sukulu za mdera, kapena akadwala kalasi imatsekedwa ndipo palibe amene amatiuza, umangoona mwana wabwerera. Pena amawatenganso kukagwirizira kalasi ina mphunzitsi akajomba. Chipindacho ndi chamalata opanda siling'i, ikamakwana 11 koloko ndi ng'anjo, bola amatulutsa ana kukakhala pansi pa mtengo. Zimbudzi zili kutali ndipo mulibe pogwira. Mchipindamo amasakaniza ana osamva, a khunyu, a Down, oyenda movutika, misinkhu yosiyanasiyana, nde nthawi ya mwana mmodzi payekha imachepa. Zoyeza makutu palibe, zimenezo mpaka ukwere mapiri kupita ku Blantyre, ndipo thiransipoti yake mukuidziwa.

Kumbali ya ndalama, fizi kulibe poti ndi ya boma, chimene chimadya thumba ndi kabaza wa tsiku ndi tsiku, ndipo pezani wakabaza mmodzi wokhazikika amene mwana amuzolowere ndipo azimufikitsa mmanja mwa madamu osati kumusiya pamsewu.

Amene mukuganiza zopititsa wanu, kaya kumeneku kaya ku risosi ina ku Ngabu, Bangula kapena ku Nsanje boma, musangoonana ndi mphunzitsi wa risosi yekha. Pitani mmawa nthawi ya asembule muime chapatali muone pageti zimakhala bwanji. Afunseni ahedi maso ndi maso kuti kodi pano ana ochedwa mumawatani, ndipo madamu akachoka mwana wanga amakhala ndi ndani. Tengani kabuku kakuchipatala, ngati pali vuto la mtima kapena khosi mphunzitsi aliyense amene amugwire adziwe. Muzimusambitsa nokha kapena kumuyang'ana thupi madzulo chifukwa ambiri mwa ana athuwa sangakuuzeni. Akamenyedwa yambani kwa ahedi, zikakanika kuli komiti ya sukulu ndi mother group, kuli a PEA amene ndi alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale mdera, kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza kwa ana. A PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, nawonso ndi ofunika kuwadziwa chifukwa kholo ukakhala wekha amakuona ngati wovuta koma mukakhala gulu amakumverani.

Pa nyenyezi zisanu, madamu ndi kalasi yawo ndikuwapatsa zisanu zonse ndi mtima wanga wonse, sukulu yonse ziwiri. Mtsikana wanga wayambiranso kukwera kabaza, madamu ndi amene amamudikira pageti masiku ano nkumulowetsa atamugwira dzanja, nde teremu ikubwerayi abwereranso komweko. Nkhani ya kamtengo ka pageti ndaipereka kale kwa apampando a komiti kuti ikambidwe pa msonkhano wa makolo, ndipo ndapempha kuti ikhale ya ana onse osati a ku risosi okha. Amene ana anu ali pa sukulu imeneyi mukudzidziwa, chonde bwerani tsikulo tidzayankhule limodzi.