Millennium Falcon ya LEGO, bokosi nambala 75257, komanso zombo zimene okonda tinjerwa amadzikonzera okha

Bokosi la LEGO Star Wars la nambala 75257 linatuluka mu Okutobala 2019, ndipo m'kati mwake muli tizidutswa 1,351 ta pulasitiki tolumikizana, totchedwa tinjerwa, tomangira Millennium Falcon, chombo cha m'mlengalenga chimene anthu anayamba kuchiona m'filimu yoyamba ya Star Wars mu 1977. Litangotuluka linkagulitsidwa pa madola 160 a ku America, ndipo pa chikuto chake analembapo kuti ndi la ana a zaka 9 kupita m'tsogolo. Ine ndakhala nalo nthawi yokwanira kumanga chombochi kawiri motsatira buku lake, kuchiphwasula, kenako n'kugwiritsa ntchito tinjerwa tomweto pomanga chombo china chimene anachikonza munthu wamba wokonda tinjerwa, osati kampani. Chimene ndapeza n'chakuti wogula amene amamanga kamodzi n'kuika chombocho pa shelefu wapindula ndi gawo laling'ono chabe la ndalama zimene analipira, pakuti ubwino weniweni wa bokosili umayamba kuoneka tsiku limene munthu walimba mtima n'kuphwasula chimene anamanga.

Ulendo woyamba ndinamanga ndi muphwa wanga wa zaka 10. Tinjerwa timabwera m'timatumba tolembedwa manambala, kotero kuti simufunika kukhuthula zonse nthawi imodzi, ndipo ife tinkatsegula kathumba kamodzi n'kuthira m'lichero kuti tating'onoting'ono tisagubudukire pansi pa mpando. Ntchito imayambira pa maziko, amene ndi mitanda italiitali ya Technic yokhala ndi mabowo m'mbali, yolumikizidwa ndi tizikhomo takuda kenako n'kupanidwa ndi tinjerwa taphanthiphanthi pamwamba ndi pansi. Gawo limeneli silikoma m'maso ndipo mwana amafulumira kutopa nalo, koma ndi limene limachititsa kuti chombo chikatha muzitha kuchinyamula popanda kupindika pakati. Titafika pomanga makoma a m'kati, mnyamatayo anaima n'kunena kuti, "Amalume, apa pakukana kulowa." Tinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba mpaka tinapeza kuti kanjerwa kena kaphanthi tinakaika mopitirira ndi kamutu kamodzi kokha (timitu ndi tizotupa tozungulira ta pamwamba pa kanjerwa tolumikizira tinjerwa), ndipo cholakwa chaching'onocho chinali chitasokoneza zonse zimene tinasanjikiza pamwamba pake. Anatenga kachida ka olenji kolekanitsira tinjerwa kamene kamabwera m'bokosi momwemo, nachotsa mizere itatu yekha, nakonza. Kuyambira pamenepo ankawerenga timitu ndi chala asanakanikize kanjerwa kalikonse, ndipo buku la malangizo, limene ndi la zithunzi zokhazokha, analitsatira bwino koposa mmene ndinkayembekezera.

Kukana kulowa kumeneku ndi umboni wa chinthu chimene chimasiyanitsa tinjerwa timeneti ndi zoseweretsa zina. Kuchoka pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kanzake pali mamilimita 8, kanjerwa kathunthu n'kotalika mamilimita 9.6 kupita m'mwamba, ndipo kaphanthi ndi mamilimita 3.2, kutanthauza kuti taphanthi titatu tosanjikizana timafanana ndendende ndi kathunthu kamodzi. Kampani ya LEGO ya ku Billund m'dziko la Denmark inalembetsa kapangidwe kameneka, ka timitu pamwamba ndi timachubu kunsi, mu 1958, ndipo kuyambira mu 1963 yakhala ikugwiritsa ntchito pulasitiki yolimba ya ABS. Miyezoyi sinasinthe mpaka lero, n'chifukwa chake kanjerwa ka zaka makumi angapo zapitazo kamagwirana ndi katsopano. M'bokosi langa lonse sindinapezemo kanjerwa kolobodoka kapena kothina mopitirira, ndipo ngakhale nditamanga ndi kuphwasula kangapo tikugwiranabe ngati poyamba.

Chombo chikatha chimakhala cha masentimita 44 m'litali, 32 m'lifupi ndi 14 msinkhu. Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi denga. Millennium Falcon ndi chombo chozungulira ngati mbale ziwiri zovundikirana, ndipo kupanga chinthu chozungulira ndi tinjerwa ta ngodya zinayi si ntchito yapafupi. Mabokosi a m'mbuyomo, monga 75105 la mu 2015, ankathana ndi vutoli pogawa denga m'tizigawo tambiri tosongoka, ndipo pakati pa tizigawoto pankatsala mipata yoonekera patali. Mu 75257 anachepetsa zigawo n'kuzikulitsa, moti denga likatsekedwa mipata ndi yochepa, ndipo likatsegulidwa dzanja la munthu wamkulu limalowa bwinobwino. M'katimo muli mpando wautali ndi tebulo lamasewera lozungulira, malo ophikira, kabedi, kompyuta yoongolera ulendo, injini, malo a katundu, ndiponso kachipinda kobisika pansi kosungiramo zozembetsa, kamene muphwa wanga anakakonda koposa zonse. Mfuti zapamwamba ndi zapansi zimazungulira, khomo lokwererapo limatsika, ndipo m'chipinda cha oyendetsa mumakwana tianthu tiwiri. Tianthu ndi timaloboti tilipo 7 pamodzi: Finn, Chewbacca, Lando Calrissian, Boolio, C-3PO, R2-D2 ndi D-O.

Zochepa mphamvu zilipo ndithu. Nyanga ziwiri zakutsogolo, zimene zimapatsa chombochi maonekedwe ake odziwika, n'zazifupi poyerekeza ndi thupi lake, ndipo amene amachidziwa bwino chombochi amaona msanga kuti china chake chafupika. Miyendo siipindika, kotero kuti mwana akamachiulutsa m'manja chimauluka miyendo ili panja. Zokongoletsa zina ndi timapepala tomata, timene timafuna dzanja losanjenjemera ndiponso timalepheretsa kanjerwa kugwira ntchito ina mukadzafuna kumanga chinthu china. Popeza bokosili linatsatira filimu ya Star Wars ya mu 2019, mulibe Han Solo, amene anthu ambiri amamudziwa monga mwini chombochi, ndipo kwa mwana amene wangoyamba kumene kusonkhanitsa tianthu kusowa kumeneku n'kwakukulu.

Amene akufuna chombo chofanana kwambiri ndi cha m'filimu amaloza ku bokosi lalikulu la 75192 la mu 2017, lokhala ndi tizidutswa 7,541, lotalika masentimita 84, limene linayamba kugulitsidwa pa madola 800. Limenelo ndi lokongoletsera nyumba, ndipo silingaperekedwe kwa mwana kuti azithamanga nalo. Pakati pa mabokosi awiriwa pali mpata waukulu, wa mtengo komanso wa maonekedwe, ndipo mpata umenewu ndi umene anthu okonda tinjerwa akhala akuudzaza ndi zombo zawozawo.

Chombo chimene munthu wadzikonzera yekha amachitcha MOC, ndipo za Star Wars zilipo zambirimbiri chifukwa LEGO yakhala ikupanga mabokosi a nkhaniyi kuyambira mu 1999, moti ana amene anayamba nawo nthawi imeneyo lero ndi akuluakulu odziwa kumanga. Pa intaneti, Rebrickable imakulolani kulemba nambala ya bokosi limene muli nalo, ndipo imakuonetsani zinthu zina zimene anthu akonza kuchokera ku tinjerwa ta bokosi lomwelo, pamodzi ndi malangizo ake, ena aulere, ena ogula ndi madola ochepa. BrickLink, msika umene unayamba mu 2000 ndipo LEGO inaugula mu 2019, ndi kumene anthu amagulitsana kanjerwa kamodzikamodzi, ndipo ili ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Studio imene munthu amamangira chombo pa kompyuta, n'kudziwa chiwerengero cha tinjerwa tofunika asanaononge ndalama iliyonse.

Malangizo amene ine ndinasankha anali okonza Millennium Falcon yomweyi, kutalikitsa nyanga zakutsogolo, kutseka mipata yotsala ndi kuonjezera zokongoletsa m'mbali, ndipo ankafuna tinjerwa ta m'bokosi ndi tina toonjezera. Apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Wokonzayo anagwiritsa ntchito kwambiri njira yomanga chammbali, imene timitu timaloza kumbali m'malo moloza kumwamba, ndipo chinsinsi chake chili m'miyezo ija: taphanthi 5 tosanjikizana ndi mamilimita 16, chimodzimodzi ndi m'lifupi mwa timitu tiwiri, choncho khoma logonekedwa chammbali limalowa ndendende pakati pa makoma oimirira popanda kusiya mpata. Nditaona zimenezi ndi maso anga, ndinabwereranso ku buku la kampani n'kupeza kuti nawonso anachita zomwezo m'malo angapo, kungoti poyamba ndinkangotsatira zithunzi osamvetsa chifukwa chake. M'mbali mwa chombo, pakati pa denga ndi pansi, wokonzayo anadzazamo tizidutswa tating'onoting'ono, timipopi, tizogwirira, timawilo topanda matayala ndi tizida ta tianthu, zonse zotuwa, zolumikizidwa mothinana kotero kuti mukaima patali pang'ono mumaona ngati mapaipi ndi mawaya a makina akale okonzedwakonzedwa. Ndi mmenenso chombochi chilili m'nkhani yake, chonyamula katundu chakale chimene eni ake akhala akuchisintha zaka zambiri, ndipo maonekedwe amenewa bokosi la kampani silinawafikire.

Kukongola kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mabokosi a kampani amakonzedwa poganizira manja a mwana, pamene wodzikonzera chombo chake amaganizira kwambiri za maso. Pa chombo chimene ndinamangachi, mbali zina za denga zinkangotsamira popanda chozigwira, nyanga imodzi inkadalira timitu tiwiri tokha, ndipo tsiku limene muphwa wanga anachinyamula monga ankanyamulira choyamba chija, nyangayo inathothoka n'kumwazika pansi. Malangizo nawonso anali ovuta: tsamba limodzi linkaonjezera tinjerwa tambiri nthawi imodzi, ndipo pa foni mtundu wotuwa woderako ndi wakuda sizinkasiyanitsika bwino, moti ndinachita kusamutsira pa kompyuta kuti ndizitha kukulitsa chithunzi. Sindikunena izi pomunyoza wokonzayo, amene anagwira ntchito yaikulu payekha, koma kuti kholo lisagule malangizo otere poganiza kuti likugulira mwana choseweretsa cholimba.

Pa tinjerwa toonjezera pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Mu 2004 LEGO inasintha mitundu yake yotuwa, kuchoka ku yakale yopendekera ku chikasu kupita ku yatsopano yopendekera ku buluu, ndipo poti zombo za Star Wars n'zotuwa pafupifupi paliponse, kanjerwa kakale kakalowa pakati pa tatsopano kamaonekera ngati chigamba pa malaya. Poitanitsa muyenera kuonetsetsa kuti mwasankha mtundu watsopanowo. Chachiwiri ndi tinjerwa tongotsanzira. Ndinagulapo thumba la tinjerwa togwiritsidwa kale ntchito kwa wogulitsa wina amene ananditsimikizira kuti tonse n'tenitenidi, koma nditakhuthula ndinapeza kuti tambiri tinalibe dzina la LEGO limene limalembedwa pa kamutu kalikonse, ndipo tina tinkalobodoka pamene tina tinkathina mpaka kupweteka zala. Pa khoma wamba timeneti tingagwire ntchito, koma pamalo pamene kanjerwa kamodzi kanyamula nyanga yonse sitingadalirike. Muwerengerenso ndalama zotumizira, chifukwa kuitanitsa tinjerwa tochepa kwa ogulitsa atatu osiyana a kunja kungadye ndalama zambiri kuposa tinjerwa tenitenito, ndipo n'kwanzeru kudikira mpaka mndandanda wanu utakula n'kugula zonse kwa munthu mmodzi.

Apa ndi pamene 75257 imaonetsa ubwino wake monga nkhokwe. Muli taphanthi tambiri totuwa, tosongoka ta kumanja ndi kumanzere, mahinji, mitanda ya Technic ndi tozungulira, zimene zonse ndi zofunika pomanga chombo chilichonse cha m'mlengalenga, ndipo kuzigula chimodzichimodzi kungakhale kodula. Wofuna kumanga nyumba kapena magalimoto a mitundu yowala asayang'ane kuno, koma wofuna zombo sadzasowa poyambira. Popeza mabokosi a LEGO amakhala m'masitolo zaka zochepa kenako amasiya kupangidwa, ndipo losatsegulidwa limakwera mtengo likasowa, ndingalangize kuti wofuna kumanga asaope kugula lotsegulidwa kale, malinga awerenge tinjerwa motsatira mndandanda umene uli kumapeto kwa buku, aone ngati tianthu tonse 7 tilipo, ndiponso ayang'ane ngati totuwa sitinasanduke tachikasu, pakuti pulasitiki imeneyi ikakhalitsa padzuwa imasintha mtundu. M'nyumba mmene muli mwana wosakwana zaka 3, tinjerwati tiyenera kukhala pamalo pamene sangafikire, chifukwa tambiri n'tating'ono moti angatimeze.

Nyanga ija itathothoka sitinaibwezeretse monga mwa malangizo. Muphwa wanga anapempha kuti ayese njira yake, ndipo anatenga mtanda umodzi wa Technic n'kuulowetsa kuchokera m'maziko mpaka kunsonga ya nyanga, monga anaonera m'buku la kampani tsiku loyamba lija, kenako anavundikira mtandawo ndi taphanthi kuti usaoneke. Nyangayo inanenepa pang'ono kuposa mmene wokonza uja anafunira, ndipo inatitengera madzulo awiri kuti inzake ifanane nayo, koma tsopano chombocho chili ndi kutalika kwa MOC ndiponso chimanyamulika ndi dzanja limodzi. Panopa mnyamatayo wayamba kujambula pa Studio kachombo kake konyamula katundu, ka tinjerwa tosapitirira 200, ndipo wandipatsa kale mndandanda wa mahinji ndi taphanthi tosongoka timene akufuna kuti tichotse pa denga la Millennium Falcon.