Ndemanga ya njinga zobwereka ndi misewu ya m'nkhalango ya pa Phiri la Zomba

Ine ndi mayi akunyumba tinabwereka njinga ziwiri zakapalasa kwa anyamata ena amene amayendetsa alendo pa Phiri la Zomba, ndipo tinakwera njingazo kwa theka la tsiku Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, tili ndi mnyamata mmodzi wotilondolera njira. Chimene chinatikopa ndi mawu awo akuti pamwamba pa phirili pali misewu yosavuta ndi yopanda magalimoto, yoti ngakhale munthu amene anasiya kalekale kupalasa akhoza kuyendamo osatopa. Mawuwa ndi oona ndithu pa gawo limodzi la ulendowu, koma pa gawo lina anakokomeza, ndipo n'chifukwa chake ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chinthu chanzeru kwambiri chimene anachita ndicho kutinyamula pa galimoto, njinga zili kumbuyo, kuchokera m'tauni mpaka pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phirili. Aliyense amene anadutsapo msewu wokhotakhota umenewu akudziwa kuti si wa munthu wongoyamba kumene, pakuti tauni ya Zomba ili kunsi kwenikweni pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Tili m'galimoto tinakumana ndi amuna akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zounjikidwa kupitirira mitu yawo, osakwera koma akuyenda m'mbali, thupi lonse litapendekera kumbuyo kuti katundu asawathawe. Nditawaona ndinachita manyazi pang'ono kuti ife tikulipira ndalama kuti tikapalase mongosangalala, komabe ndinadziwanso kuti tikanayambira pansi, ulendo wathu ukanathera pa chitunda choyamba.

Gawo loyamba, kuchokera Ku Chawe kutsikira ku damu la Mulunguzi, kenako kulondola chigwa cha mtsinje kudutsa pamalo otchedwa Trout Farm mpaka ku mathithi a Williams, ndilo limene ndingalimbikitse banja lililonse. Phula sapita patali mukafika pamwamba, koma msewu wadothi umene umatsatira ndi wolimba m'nyengo yachilimwe, ndipo zitunda zake ndi zazifupi zoti munthu akasintha giya amakwera akucheza. Damulo ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, ndipo m'mawa umenewo madzi ake anali bata, mitengo ya paini ikuoneka mozondoka m'menemo. Nkhalangoyi ndi ya boma, yoyang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Zankhalango, choncho mulibe minibasi, mulibe akabaza anjinga zamoto olimbirana okwera, ndipo kwa nthawi yaitali chimene timamva chinali kulira kwa tcheni ndi phokoso la masamba a paini pansi pa matayala.

Komabe mawu oti "yopanda magalimoto" asakupusitseni kotheratu. Mitengo ya painiyi inadzalidwa kuti idzadulidwe, ndiye kuti msewu umene mukuyendamo ndi womwewo umene malole onyamula zipika amadutsa. Ife tinakumana ndi magalimoto atatu okha ulendo wonse, koma imodzi inali lole yodzaza, ndipo inatipeza pokhota pamene sitikanatha kuiona. Mnyamata wotilondolera anaimva ikadali kutali, nanena modekha kuti, "Bambo, mayi, tiyeni tipatuke tiime kaye," ndipo patapita kanthawi inatidutsa ndi fumbi lake lofiira. Khutu lake lija ndilo linandikhutiritsa kuti ndalama ya wolondolera njira siinapite pachabe, makamaka poganiziranso kuti mphambano za m'nkhalangomu zimafanana ndipo si zonse zimene zili ndi zikwangwani.

Pamene anakokomeza ndi pa gawo lachiwiri, lokwera kupita ku Emperor's View, malo amene anatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Chitunda chake ndi chachitali, pena pali miyala yoyendayenda, ndipo m'malo amene mitengo inadulidwa mwatsala zitsa zokhazokha popanda mthunzi. Mayi akunyumba anatsika kawiri n'kukankha njinga, ndipo kachitatu ndinatsika nawo ndikunamizira kuti ndikuwaperekeza, pamene zoona zake n'zakuti miyendo inali itandithera. Titafika tinaona nyanja ya Chilwa ili mbee chakum'mawa ndi Phiri la Mulanje chapatali, koma sitinakhalitse chifukwa chiperoni chinabwera ndi nkhungu yake n'kuphimba zonse m'mphindi zochepa. Ku Queen's View, kumene kuli pafupi pomwepo, tinangoimako mwamwambo popanda choona. Malowa ndi oyenera kuwaona, koma kuwatchula kuti njira yosavuta n'kulakwira munthu wa zaka zoposa makumi asanu ngati ine.

Za njingazo, zinali zakaunjika koma zolimba, zamatayala onenepa ndi magiya 21 amene ankasintha bwino, ndipo asanatipatse anatiyeza kutalika n'kukweza chishalo cha aliyense moyenera. Zipewa zoteteza mutu anatipatsa popanda kuwonjezera mtengo. Vuto loyamba linali pa buleki yakumbuyo ya njinga yanga, imene mphira wake unali utatha. Pokwera sindinazindikire, koma pobwerera, pa mtsetse wa miyala uja, ndinafinya chogwirira mpaka chinagunda chiwongolero njinga ikungolira osaima, ndipo ndinadalira buleki yakutsogolo yokha, chinthu chimene chingamugwetse munthu chafufumimba akafinya modzidzimuka. Chachiwiri, tayala la mayi linayamba kuphwa titayandikira damu, ndipo tinapeza kuti wotilondolera anatenga zigamba ndi guluu koma pampu anaiwala. Anakabwereka kwa bambo wina wankhuni amene anali kupuma m'mbali mwa msewu, ndipo ntchito yomata inatha msanga, koma bizinesi yobwereketsa njinga siyenera kudalira mwayi wotere. Nditadandaula, mwini wake sanatsutse kapena kuloza chala mnzake. Anapepesa, anasintha mphira wa buleki ine ndikuona, ndipo ndalama yachikole anatibwezera yonse nthawi yomweyo.

Amene mukufuna kupita, tengani juzi ngakhale kunsi kukutentha, chifukwa pamwamba pamazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndipo pewani nyengo yadzinja pamene dothi lofiira limaterera ndi kumatirira m'matayala. Tengani ndalama zapamanja zogulira mabulosi, masitiroberi ndi magalagadeya kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, koma zipatsozo muziike m'chikwama chotseka, pakuti anyani a kumeneko anazolowera anthu ndipo ife anatitsata kamtunda ndithu ataona jumbo ikulendewera pa chiwongolero.

Tagwirizana kuti tidzabwererenso kwa anyamata omwewa ana akatsekera sukulu, koma tidzawauza kuti ulendo wathu ukathere ku mathithi a Williams, ndipo tisananyamuke ndidzafinya ndekha mabuleki a njinga iliyonse ndi kuona ndi maso anga kuti pampu ili m'chikwama.