Pistol yanga ya 9mm itadutsa dzinja ndi chisanu cha ku Dedza

Alamu anga a ku Lizulu, amene timapikula nawo mbatata ya kachewere ku Tsangano, akhala akundifunsa ngati mfuti ndinagula mu 2023 ija ndi yoti nawonso aikepo ndalama. Yankho lake ndi lalitali moti pafoni silingathe, ndiye ndalemba pano kuti enanso amene ali ndi maganizo ogula aone.

Mfutiyo ndi pistol yaing'ono ya 9mm, ya mtundu uja woti ukakhethemula kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi n'kudzilongera china yokha. Magazini yake imalowa zipolopolo 15, mpope wake ndi wotalika masentimita pafupifupi 10, chogwirira ndi cha pulasitiki wolimba. Ndinaigula ku Lilongwe mu September 2023 nditayamba ndalandira chilolezo kuchokera kwa Registrar of Firearms kulikulu la apolisi ku Area 30, monga limafunira lamulo la Firearms Act la 1967. Kumeneko ndilibe dandaulo. Anandifunsa chifukwa chimene ndikuifunira ndi kumene ndizikaisunga, ndipo laisensi yake imakonzedwanso chaka ndi chaka. Wina akakuuzani kuti ali nayo yotchipa yopanda mapepala yochokera kutsidya, muthaweni.

Zabwino zake zilipo ndipo sindizibisa. Imakwana bwino m'dzanja, siilemera m'chiuno, ndipo mkati mwa jekete la ku Dedza siioneka. Poombera siikankha kwambiri. Pa mtunda wa mamita 10 zipolopolo zimagwera pamodzi pamene waloza. Kuimasula kuti uipukute sikufuna chida chilichonse. Chitsulo cha pamwamba, slide, chadutsa mvula ndi nkhungu koma mpaka lero chilibe ndi kadontho komwe ka dzimbiri.

Vuto lili pa magazini yachiwiri. M'bokosi munali imodzi yokha, ndiye tsiku lomwelo ndinaonjezera ndalama n'kugula ina. Wogulitsa anaitulutsa m'kabati ili m'kapepala ka pulasitiki n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi orijino, ya kampani yomweyo." Miyezi yoyamba inkagwira ntchito bwinobwino. Mvula itatha, ndili kumalo oyesera mfuti ndi mphunzitsi wanga, bambo wina wopuma ntchito ya usilikali, mfuti inayamba kutsamwa. Zipolopolo zoyamba zimatuluka bwino, koma zikatsala zitatu kapena ziwiri, china chimaima chopendekeka pakhomo pa mpope, slide n'kukanirira pakati. Nthawi zina zipolopolo zikatha slide siinkaima kumbuyo monga imayenera kuchitira, moti umaganiza kuti mwatsala china pamene mulibe. Ndikaika magazini ya m'bokosi ija, zonse 15 zimatuluka popanda chovuta.

Mphunzitsi uja anamasula magazini onse awiri n'kuyala masipuling'i ake pa nsalu. Ya m'bokosi inali yakuda, yokutidwa ndi zoteteza ku dzimbiri, yolimba monga tsiku loyamba. Inayo inali waya wosakutidwa, wowonda, wa mawanga ofiira, ndipo inali itafupika. Anandifotokozera kuti sipuling'i ndi imene imakankhira zipolopolo m'mwamba. Magazini ikakhala yodzaza, sipuling'i imakhala yopanikizika ndipo imakankha mwamphamvu; zipolopolo zikamatha imakhala itatambasuka, mphamvu yake n'kuchepa. Ikakhala yofooka kale, slide imabwerera chipolopolo chisanakwere pamalo pake, ndiye kutsamwa kuja. Anandionetsanso kuti pansi pa magazini ya m'bokosi pali chizindikiro cha kampani, pa inayo palibe kanthu.

Magazini onsewa amagona m'bokosi limodzi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma, ndipo ndimawapukuta tsiku limodzi ndi mafuta amodzi. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July nkhungu imatsika m'phiri n'kulowa m'nyumba mpaka zovala za m'kabati zimazizira ngati zanyowa. Chinyezi chimenechi magazini ina yachipirira, ina yalephera. Ndiye wina asandiuze kuti ndi nyengo yokha.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndinagula mfutiyi chifukwa cha maulendo a usiku pa msewu wa M1 ndi ndalama zopikulira m'thumba, poti alimi ambiri kumapiri kuja amafuna ndalama padzanja, osati Airtel Money kapena Mpamba. Sindinailozepo munthu ndipo ndimapemphera kuti lisadzafike tsiku lotero. Koma chida choti udzachifuna mwina kamodzi pa moyo wako sichiyenera kukhala chokayikitsa. Kwa masabata angapo ndinkangofuna kuigulitsa. Kenako ndikaombera ndi magazini yabwino ija, n'kuona mmene ikuyendera, mtima umabwerera m'malo, ndimati mfutiyi ilibe mlandu.

Wogulitsa ndiye wandifoola. Poyamba anati ndinaika mafuta ambiri. Nditamuonetsa masipuling'i awiri aja anasintha mawu, akuti, "Bwana, nafenso anatipusitsa amene anatibweretsera, tikusinthirani katundu akafika." Kuyambira pamenepo nyimbo ndi imodzi: katundu ali m'njira, mabanki sakupereka madola, dikirani mwezi wa mawa. Za madolazo sakunama, tonse tikuziona pa feteleza ndi mafuta a galimoto. Mu November 2023 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo chilichonse cha mfuti chimachokera kunja. Koma pamene ankalandira ndalama zanga ananena kuti orijino, ndipo pa lisiti analemba choncho.

Kugwa kwa kwacha komweko kwandiluma pa zipolopolo. Bokosi la zipolopolo 50 lakwera moti ndikamalipira ndimawerengera matumba a mbatata amene apita. Zotsatira zake ndachepetsa kuyeserera, ndipo pistol yaing'ono ngati iyi imafuna dzanja lozolowera. Kuonjezera apo pali mafuta a ulendo wa ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kupita kokha, ndi ndalama ya laisensi. Mtengo wolembedwa pa mfuti m'sitolo ndi chiyambi chabe.

China chimene amalonda a kuno ayenera kuganizira ndi malire. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu wa M1 ndiwo malire enieni, monga pa Lizulu: ukangowoloka msewu wafika ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Laisensi ya ku Malawi siigwira ntchito kumeneko. Masiku amene ndikudziwa kuti ndikapikula kutsidya mfuti imatsala m'bokosi, ndipo masiku otero ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Apa m'pamene ndimadzifunsa ngati ndalama zija sizikanagwira ntchito bwino pa matayala atsopano ndi kusiya kuyenda usiku.

Alamu, mukafunabe kugula, mfuti ya mtundu uwu ndi yabwino. Koma musapereke ndalama musanaone chizindikiro pa magazini iliyonse, ndipo wogulitsa akuonetseni ndi maso masipuling'i ndi magazini osinthira ali pa shelefu, osati m'njira.

Ine ndamuuza wogulitsa wanga kuti ngati magazini yeniyeni siifika pakutha pa mwezi uno, andibwezere ndalama. Wavomera, koma akuti abweza mtengo wa pa lisiti wa September 2023, umene lero sungagule magazini ina kulikonse. Ndakana. Ndikufuna magazini, kapena mtengo wake wa lero.